ASILIKALI A M'THUPI LA MWANA WANU: AMADZIWA BWANJI MDANI?

Tikuthokozani chifukwa mwasiya ntchito zanu, ena kumunda, ena kumsika, ndi kubwera ndi ana kuno kusikelo. Tisanayambe kuyeza ana tikambirane pang'ono. Khalani momasuka, ndipo amene mwana wake akulira amuyamwitse nkhani ili m'kati.

Pali mafunso atatu amene amayi amatifunsa kawirikawiri. Loyamba ndi ili: "Mwana wanga sakudwala, nanga mukumubayiranji jakisoni?" Lachiwiri: "Mudamubaya kale atangobadwa, bwanji katemera yemwe uja osamuteteza ku matenda onse?" Lachitatu: "Ana awiri a mimba imodzi, ogona pamphasa imodzi, bwanji wina amadwala kwambiri pamene mnzake sadwala?" Mayankho a mafunso onsewa ali mwa asilikali a m'thupi la mwana wanu. Lero tiphunzira kumene asilikaliwa amachokera, m'mene amadziwira mdani, ndi zimene inu mungachite powathandiza.

KODI ASILIKALIWA NDANI?

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo tamoyo tating'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo saoneka ndi maso, koma ndi makina okuza zinthu a kuchipatala. M'magazi muli maselo ofiira amene amanyamula mpweya, ndi maselo oyera amene amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa maselo oyerawa muli gulu lina lotchedwa maselo a T. Amenewa ndiwo asilikali amene tikambe lero.

Maselo a T amabadwira m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Akadali anthete amayenda ndi magazi kupita ku kachiwalo kofewa kotchedwa thymus, ndipo T ameneyu ndi chilembo choyamba cha dzina limenelo. Ikani dzanja pachifuwa cha mwana wanu, m'munsi pang'ono mwa khosi. Kuseri kwa fupa limene mwakhudzalo, pamwamba pa mtima, ndi kumene kuli kachiwaloka. Mwa mwana wakhanda nkakakulu ndi kotanganidwa kwambiri, koma munthu akatha msinkhu kamayamba kufota pang'onopang'ono.

Kwa zaka zambiri madokotala sadadziwe ntchito ya kachiwaloka. M'chaka cha 1961, dokotala wina dzina lake Jacques Miller, akugwira ntchito ku London, adachotsa thymus m'timbewa tongobadwa kumene. Timbewa timeneti tidakula monyentchera ndi kumadwaladwala, ndipo tambiri tidafa. Pamenepo anthu adazindikira kuti thymus ndi sukulu ya asilikali a m'thupi.

Kusukulu imeneyi kumatuluka magulu awiri akuluakulu. Gulu lina limatchedwa CD8, ndipo ntchito yake ndi kupha maselo amene alowedwa ndi kachilombo. Gulu linalo ndi CD4, dzina limene ambiri a inu mudalimvapo kuchipatala. Amenewa ndi atsogoleri a nkhondo. Amadzutsa asilikali ena, ndipo amathandiza maselo ena otchedwa B kusula mivi yolasira tizilombo, imene madokotala amaitcha ma antibody.

MSILIKALI ALIYENSE ALI NDI MDANI WAKE

Msilikali wa T alibe maso. Amadziwa mdani pomukhudza. Pakhungu pake pali timanja tambirimbiri, koma timanja tonse ta msilikali mmodzi ndi tofanana mpangidwe wake. Kadzanja kameneka tikatche chozindikirira. Madokotala amati T cell receptor.

Taganizani za miphika ya kunyumba kwanu. Chivundikiro cha mphika wa ndiwo sichikwana pa mphika wa nsima. Momwemonso chozindikirira cha msilikali mmodzi chimakwana pa kachidutswa ka mdani wa mtundu wake. Msilikali wodziwa chikuku akakumana ndi kachilombo ka chifuwa chachikulu amangodutsa osachitapo kanthu.

Nanga tizilombo tobisala m'kati mwa maselo, monga ka chikuku, msilikali amatipeza bwanji? Maselo a m'thupi amatenga tizidutswa ta zinthu zimene zili m'kati mwawo ndi kutiyala panja, monga mayi amene wayala malonda palichero pakhomo pake. Lichero limeneli dzina lake ndi HLA. Msilikali akamadutsa amakhudza lichero pamodzi ndi zimene zili pamenepo. Akapeza kachidutswa kachilendo kokwana pa chozindikirira chake, amadziwa kuti m'nyumbamo mwalowa mdani. Amene adatulukira zimenezi ndi Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty ku Canberra, m'dziko la Australia, m'chaka cha 1974, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 1996.

CHINSINSI CHA MIKANDA

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani yathu. Mwana amatengera makolo ake kudzera m'malangizo olembedwa m'kati mwa maselo, otchedwa majini. Musawasokoneze ndi majini amene anthu amanena pa nkhani za mizimu. Majini amene tikunena pano ndi amene amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya bambo ake kapena khungu la mayi ake. Majiniwa adandandalikidwa pa timaulusi 46 totchedwa ma chromosome, 23 tochokera kwa mayi, 23 tochokera kwa bambo.

Majini onse opangira zomangira thupi la munthu alipo pafupifupi 20,000 okha. Koma m'chaka cha 1999 akatswiri a ku France adawerengera kuti munthu mmodzi ali ndi mitundu ya zozindikirira yosachepera 25 miliyoni. Zimatheka bwanji kuti malangizo ochepa chonchi abale zinthu zochuluka chotere?

Woyamba kumasula chinsinsichi adali Susumu Tonegawa wa ku Japan, amene ankagwira ntchito ku Basel, m'dziko la Switzerland. Mu 1976 adaonetsa kuti maselo osula mivi aja amadula ndi kulumikiza majini awo, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 1987. Mu 1984 Tak Mak ku Canada ndi Mark Davis ku America adapeza majini a chozindikirira cha maselo a T, ndipo kudaoneka kuti nawonso amachita chimodzimodzi.

Tiyerekeze ndi mikanda. Chozindikirira chili ndi mbali ziwiri, ina yotchedwa alpha, ina beta. Malangizo a mbali ya beta ali pa chromosome 7. Sadalembedwe athunthu ayi, koma ali ngati chingwe chachitali chotungidwa mikanda ya magulu atatu. Gulu loyamba, lotchedwa V, lili ndi mikanda yoposa 40 yosiyanasiyana. Lachiwiri, lotchedwa D, lili ndi mikanda 2. Lachitatu, lotchedwa J, lili ndi mikanda 13. Msilikali aliyense akafika ku thymus amatenga mkanda umodzi pa gulu lililonse. Ali ndi lumo lake lotchedwa RAG, limene amadulira chingwecho, ndi kutaya zonse za pakati, kenaka ndi kumanga mfundo kuti mikanda itatuyo ikhale pamodzi. Mukawerengera 40 kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi 13, mupeza njira zoposa 1,000 zotungira mbali imodzi yokhayi.

Malangizo a mbali ya alpha ali pa chromosome 14. Kumeneko kuli mikanda ya V yoposa 40 ndi ya J pafupifupi 50, ndiye kuti njira pafupifupi 2,000. Mbali ziwirizi zikaphatikizidwa, mitundu yake imafika mamiliyoni awiri. Komatu si pokhapo. Pomanga mfundo ija, timalemba tina ta malangizo timagwa, ndipo tina tatsopano timawonjezedwa mwachisawawa. Motero ngakhale asilikali awiri atasankha mikanda yofanana, mfundo zawo zimasiyana, ndipo pamfundo pomwepo ndi pamene pamakhudza kwambiri mdani. Apa ndipo pamachokera mamiliyoni ambirimbiri aja.

Gwirani mfundo ziwiri apa. Yoyamba, thupi limatunga mikandayi lisanaone mdani aliyense. Limapangiratu zivundikiro za mitundu yonse, kuti mphika uliwonse umene ungabwere upeze chake, ngakhale matenda achilendo amene agogo athu sadawaonepo. Yachiwiri, kudula ndi kumangaku kumachitika mwa msilikali yekhayo, osati m'mbewu ya bambo kapena m'dzira la mayi. Mwana amalandira chingwe chathunthu chosadula, ndipo ayenera kutunga yekha mikanda yake. Choncho ngakhale inu mudadwalapo chikuku muli mwana, kapena mudalandira katemera, luso la asilikali anu silipita kwa mwana kudzera m'majini.

MAYESO A KUSUKULU

Popeza mikanda imatungidwa mwamwayi, zozindikirira zambiri zimatuluka zopanda ntchito, ndipo zina zimatuluka zoopsa. Nchifukwa chake ku thymus kuli mayeso awiri. Poyamba msilikali amayesedwa ngati angathe kukhudza lichero la HLA la thupi lakelo. Wolephera amafa. Kachiwiri amamuonetsa tizidutswa ta thupi la mwana mwini wake. Amene aluma mwamphamvu tizidutswa timeneti ndiye kuti angadzaukire mwini nyumba, ndipo ambiri otere amaphedwa. Mwa asilikali 100 olowa sukuluyi, oposa 90 amathera momwemo. Otsala ochepawo ndi amene amatuluka kukalondera thupi.

Nthawi zina woukira mmodzi amapulumuka mayeso. Matenda a shuga amene amagwira ana amayamba motere, pamene asilikali a T aononga maselo opanga insulin. Mwana wotere amamva ludzu kwambiri, amakodza pafupipafupi ndi kuonda, ndipo ayenera kufika kuchipatala msanga.

VUTO NDI NTHAWI

Mwina mukufunsa kuti, ngati msilikali wodziwa chikuku alipo kale, katemera ngwachiyani? Yankho nlakuti alipodi, koma ngochepa zedi. Pakati pa asilikali 100,000 mwina mmodzi yekha, kapena osafika ndi pomwe, ndiye wodziwa mdani ameneyo. Kachilombo kakalowa koyamba, ochepawa ayenera kukumana nako, kenaka agawikane, mmodzi akhale awiri, awiri akhale anayi, kufikira atakwana gulu lankhondo. Ntchito imeneyi imatenga sabata yathunthu kapena kupitirira. M'masiku amenewo kachilombo nako kakuswana. Mwana wamng'ono, makamaka wonyentchera, angathe kumwalira asilikali ake asanakwane.

Nkhondo ikatha, asilikali ambiri amafa, koma ena amatsala monga okumbukira. Amenewa ngochuluka kuposa poyamba, ndipo sachedwa kudzuka. Kukumbukira kumeneku kumatha kukhala zaka zambiri. M'chaka cha 1846 chikuku chidabuka pa zilumba za Faroe, kumpoto kwa Scotland, kumene chidali chisanafikeko chiyambire 1781. Dokotala wa ku Denmark, Peter Panum, adaona kuti anthu ochuluka adadwala, koma nkhalamba zimene zidadwalapo mu 1781 sizidadwalenso, ngakhale padapita zaka 65.

Katemera amapatsa mwana kukumbukira kumeneku popanda kumuika pa ngozi ya matenda enieniwo. M'katemera muli kachilombo kofooketsedwa, kapena kakufa, kapena kachidutswa kake chabe. Asilikali oyenera amakakhudza, amachulukana, ndi kusiya okumbukira. Tsiku limene mdani weniweni adzafike adzapeza mudzi uli wokonzeka.

TIYANKHE MAFUNSO ATHU AJA

Timabaya mwana asanadwale chifukwa asilikali amafuna masabata kuti achulukane. Mpanda timamanga afisi asanalowe m'khola.

Katemera mmodzi sateteza ku matenda onse chifukwa msilikali aliyense ali ndi mdani wake. BCG amadzutsa odziwa chifuwa chachikulu, ndipo sakhudza odziwa chikuku. Akatemera ena timawabwereza kawiri kapena katatu chifukwa ulendo uliwonse okumbukira amachuluka ndi kukhwima. Mayi wolekera panjira wasiya mpanda wopanda chitseko.

Ana a mimba imodzi amasiyana chifukwa aliyense adatunga mikanda yake payekha. Ngakhale mapasa ofanana nkhope alibe asilikali ofanana. Malichero a HLA nawonso amasiyana, pakuti mwana amatenga theka kwa mayi ndi theka kwa bambo, ndipo mwa abale a mimba imodzi mwayi woti awiri afanane HLA ndi umodzi mwa inayi. Kadyedwe ndi katemera zimawonjezera kusiyanako. Choncho musafulumire kuganizira achibale kapena anansi kuti alodza mwana.

ZIMENE ZIMAFOOKETSA ASILIKALI

Choyamba ndi kunyentchera. Mwana akasowa chakudya chokwanira, thymus imafota msanga, ndipo asilikali atsopano amachepa. Mwana wotere amadwala kawirikawiri, matendawo amamulanda chilakolako cha chakudya, ndipo amanyentcherabe. Akayamba kudya bwino thymus imakulanso, koma imachedwa kuposa kukwera kwa sikelo. Motero mwana amene wangochira kumene ku kunyentchera muzimusamalabe kwambiri.

Chachiwiri ndi chikuku. Kachilombo ka chikuku kamalowa mwa asilikali okumbukira ndi kuwapha. Mu 2019 akatswiri amene adayeza magazi a ana osatemera a ku Netherlands adapeza kuti chikuku chidafafaniza mbali ya chitetezo chimene anawo adali nacho kale ku matenda ena. Nchifukwa chake mwana wochira chikuku amagwidwa msanga ndi chibayo kapena kutsegula m'mimba. Tisaiwale kuti mu 2010 chikuku chidabuka m'Malawi muno, chidagwira anthu oposa 100,000 ndi kupha oposa 200.

Chachitatu ndi HIV. Kachilomboka kamalowa mwa atsogoleri a CD4 ndi kuwaononga, ndipo atsogoleri akatha gulu lonse limabalalika. Mankhwala a ma ARV amaletsa kachilomboka kuswana, motero asilikali amachulukanso. Mu 2011 dziko la Malawi lidayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV. Mayi womwa mankhwalawa mokhulupirika amadziteteza yekha ndi mwana wake yemwe.

Chachinayi nchosowa kwambiri. Ana ena amabadwa ndi vuto m'majini, monga lumo la RAG lija kukhala losagwira ntchito, kapena jini ina yofunika pokulitsa asilikali, ndipo sakhala ndi maselo a T ogwira ntchito. David Vetter, amene adabadwa ku Texas m'dziko la America mu 1971, adali ndi matenda a mtundu umenewu. Adakhala m'kachipinda ka pulasitiki kotchinga tizilombo pafupifupi moyo wake wonse, kufikira adamwalira mu 1984 ali ndi zaka 12. Lero ana otere amachira akapatsidwa msanga mafuta a m'mafupa a munthu wina wogwirizana nawo. Khanda likamadwala mobwerezabwereza m'miyezi yoyamba, zilonda zoyera za m'kamwa osapola, kutsegula m'mimba osaleka, sikelo osakwera, uzani adokotala. Auzeninso ngati m'banja mwanu mudamwalirapo makanda mwa njira yomweyo. Limeneli si tsoka lochita kuitana, ndipo si mlandu wa mayi.

ZIMENE INU MUNGACHITE

1. Yamwitsani mwana atangobadwa, ndipo musataye mkaka woyamba wachikasu uja. Mwana ali m'mimba amalandira mivi yanu kudzera mumchombo, ndipo akabadwa amalandira ina mumkaka. Mivi yobwerekayi imamusunga pamene asilikali ake akuphunzira. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6, ndi kupitiriza kuyamwitsa kufikira zaka 2 kapena kupitirira.

2. Sungani masiku a katemera. Mwana alandire BCG ndi madontho a poliyo atangobadwa, abwerenso pa masabata 6, 10 ndi 14, kenaka alandire katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Wa chikuku timadikira miyezi 9 chifukwa mivi ya mayi ikadali yambiri imatha kugwira katemerayo asilikali a mwana asanamuone. Anamwino adzakuuzani za akatemera ena, ndipo adzalemba masiku ake m'buku la mwana. Ngati mwaphonya tsiku, bwerani ndithu, tidzapitiriza pamene mudalekera.

3. Musaope mwana akatentha thupi pang'ono kapena akatupa pobaya kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ndi asilikali amene ali pa ntchito. Pamene pabayidwa BCG pamatuluka kachilonda pakapita masabata angapo, ndipo kamapola kokha ndi kusiya chipsera. Musakafinye, ndipo musapakepo mankhwala. Koma mwana akatentha kwambiri, akakomoka kapena akakana kuyamwa, thamangani naye kuchipatala.

4. Mwana akakwana miyezi 6 yambani kumupatsa zakudya zakasinthasintha zochokera m'magulu onse 6. M'phala la mgaiwa thirani nsinjiro, soya, usipa wosinja, dzira kapena masamba, ndi kasupuni ka mafuta. Mpatseninso zipatso monga papaya, mango ndi nthochi. Akadwala musaleke kumudyetsa, ndipo akachira muwonjezereni chakudya.

5. Yezetsani magazi kuti mudziwe ngati muli ndi HIV, inu pamodzi ndi bambo a kunyumba. Ngati muli nako kachilomboka, imwani mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo mwana ayezedwe akakwana masabata 6.

6. Bwerani kusikelo mwezi ndi mwezi. Mzere wa kulemera kwa mwana ukaleka kukwera, ndi chenjezo lakuti asilikali ake nawonso ayamba kuchepa mphamvu.

Amayi, akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Sukulu ya asilikali ili pachifuwa cha mwana wanuyo ikugwira ntchito yake yaikulu m'zaka zino zoyambirira. Kutunga mikanda thupi likuchita lokha, usana ndi usiku, inu osadziwa. Koma chakudya chomangira asilikaliwo, ndi katemera wowaonetsa mdani, zili m'manja mwanu. Mukabwerera kumudzi kafotokozereni anzanu amene sadabwere lero, ndipo mwezi wamawa mudzabwere nawo.

Tsopano tulutsani mabuku a ana, tione amene akuyenera kulandira katemera lero. Amene ali ndi funso afunse, pakuti kufunsa ndi kudziwa njira.